Khadi la magemu likungokhala? Umu ndi momwe mungasungire mafayilo mu VRAM pa Linux

Amene muli ndi kompyuta ya pa tebulo yokhala ndi khadi la graphics lapadera, makamaka ma RX 580 a 8GB ndi ma GTX 1060 a 6GB aja omwe anatsika mtengo Ethereum itasiya mining ya makhadi pa 15 September 2022, tayesani kachinthu aka. Nthawi yomwe simukusewera gemu tsegulani terminal mulembe nvidia-smi ngati khadi lanu ndi la NVIDIA, ngati ndi la AMD ndiye werengani mafayilo awiri awa, pa makina ena ndi card1 osati card0, ndipo manambala ake amabwera mu ma byte:

cat /sys/class/drm/card0/device/mem_info_vram_total
cat /sys/class/drm/card0/device/mem_info_vram_used

Muona kuti desktop ndi browser zikungodyako pang'ono chabe, ma GB ena onsewo angokhala phee, pomwe RAM ya kompyuta yomweyo mwina ndi 8GB basi ndipo yadzadza kalekale. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu chifukwa memory imeneyo munaigula ndi ndalama zanu, khadilo likudya magetsi tsiku lonse, ndiye bwanji osalipatsa kantchito. Pa Linux zimatheka kutenga gawo la VRAM, yomwe ndi memory ya khadiyo, nkulisandutsa foda yoti muzikoperamo mafayilo ngati foda ina iliyonse, ndipo sizifuna ukatswiri wapatali ayi.

Koma timvane kaye chinthu chimodzi tisanagwire chilichonse. VRAM ili ngati RAM, imasunga zinthu pokhapokha magetsi alipo. Magetsi akangothima, kompyuta ikachita restart, dilayiva ya khadi ikagwa, kapena mukangotseka pulogalamu yomwe ikuyendetsa fodayo, zonse zomwe zinali mmenemo zapita ndipo palibe pulogalamu ya recovery yomwe ingazibweze. Kwathu kuno komwe magetsi amatha kuthima osatsanzika nkhaniyi si yocheza. Ndiye assignment yanu, zithunzi za ukwati za kasitomala, database ya pa shopu, zimenezo musaike mmenemo ngakhale kwa mphindi zisanu. Muziikamo zinthu zokhazo zoti zikasowa mungozipanganso kapena muli nazo kale kwina.

Chachiwiri, onani ngati khadi lanu lilidi ndi memory yakeyake:

lspci | grep -iE "vga|3d"

Mukaona Intel UHD kapena Intel HD Graphics yokha, kapena Radeon ya mkati mwa purosesa ya Ryzen, imani pomwepo. Zimenezo zilibe VRAM yapadera, zimabwereka RAM yomweyo ya kompyuta, ndiye mukhala mukuzungulira mtunda wautali kukafika pa memory yomwe munali nayo kale. Malaputopu ambiri ali choncho. Kwa inu njira yachidule ndi tmpfs, foda yokhala mu RAM momwemo, mzere umodzi basi: sudo mkdir -p /mnt/ram && sudo mount -t tmpfs -o size=2G tmpfs /mnt/ram

Kwa amene muli ndi khadi lenilenilo, chida chomwe ndikukulangizani ndi vramfs. Ili pa GitHub pansi pa dzina la Overv, inatuluka mu 2014, ndipo mwiniwake ananena yekha kuti anaipanga ngati choyesera osati choti muzidalira pa ntchito yaikulu. Imagwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi FUSE, yomwe imalola pulogalamu wamba kuoneka ngati file system osakhudza kernel, womwe ndi mtima wa Linux. Chachiwiri ndi OpenCL, yomwe imapempha dilayiva ya khadi kuti ipatule memory. Apa ndi pomwe pali ubwino wake wonse: memory imapemphedwa kwa dilayiva mwaulemu, dilayiva ikudziwa kuti gawo limeneli latengedwa ndiye siikamo zithunzi za pa sikirini. Maina a mafayilo, mafoda ndi ma permission zimakhala mu RAM wamba, zamkati mwa mafayilo ndi zomwe zimapita ku khadi mu zidutswa za 128KB.

Pa Ubuntu, Linux Mint kapena Debian yambani ndi izi:

sudo apt install build-essential git pkg-config libfuse3-dev ocl-icd-opencl-dev opencl-headers clinfo

Ndiye musanathamangire ku vramfs, onani kaye ngati OpenCL ikuliona khadi lanu chifukwa anthu ambiri amakanirira pamenepa:

clinfo -l

Ikuyenera kutchula dzina la khadi. A NVIDIA amene muli pa dilayiva ya kampani yomweyo nthawi zambiri zimangotheka chifukwa OpenCL imabwera limodzi ndi dilayiva. Ngati muli pa nouveau, dilayiva ina ija yomwe si ya kampaniyo, ndiye instolani kaye ya NVIDIA. A AMD pali kantchito pang'ono. Instolani mesa-opencl-icd, ndipo dziwani kuti vramfs imafuna OpenCL 1.2 pomwe Clover, OpenCL yakale ya Mesa (madilayiva omwe AMD imagwiritsa ntchito pa Linux), inkathera pa 1.1. Yomwe mukufuna ndi Rusticl, inalowa mu Mesa 22.3, ndipo pa makina ambiri siidzuka yokha mpaka muiuze:

export RUSTICL_ENABLE=radeonsi

Mukatero bwerezani clinfo -l mu terminal yomweyo. Ngati ikutchulabe llvmpipe, yomwe imayenda pa purosesa, kapena purosesa yokha osatchula khadi, musapitirire, chifukwa mafayilo anu azipita mu RAM wamba inu mukuganiza kuti ali pa khadi.

Zikatheka, dawunilodani code ndi kuimanga:

git clone https://github.com/Overv/vramfs.git
cd vramfs
make

Ndi kapulogalamu kakang'ono, sikadya bundle ndipo make imatha msanga. A Arch Linux muli nayo kale mu AUR, nkhokwe yanu ya mapulogalamu ija, dzina lake vramfs-git. Kenako pangani foda yopanda kanthu ndi kuiyatsa:

mkdir /tmp/vram
bin/vramfs /tmp/vram 2G

Terminal imeneyo ikhala yotanganidwa, musaitseke, tsegulani ina. Memory yonse ya 2G imatengedwa nthawi yomweyo poyamba ngakhale musanaikemo fayilo ndi imodzi yomwe, ndiye mukayang'ana kagwiritsidwe ka VRAM muona nambala yalumpha, zili bwino zimenezo. Polemba kukula, G imawerengedwa ndi 1024 pomwe GB imawerengedwa ndi 1000, chimodzimodzi M ndi MB. Ngati muli ndi makhadi awiri pali -d yosankhira khadi ndi nambala yake, komanso pali -f yomwe imati ngati memory yomwe mwapempha palibe ingotenga yomwe yapezeka.

Pa kukula kwake, mwini pulogalamu amalangiza kusapitirira theka la VRAM, ndipo ine ndikugwirizana naye kwathunthu. Khadi la 8GB tengani 4G, la 6GB tengani 3G, la 4GB 2G yakwana. Ndikudziwa mtima umafuna kutenga yonse poti ikungokhala, koma desktop, browser ndi video player zonsezi zimapempha VRAM nthawi iliyonse mukatsegula windo yatsopano, zikapeza mulibe malo sikirini imayamba kudodoma kapena kuuma kumene. Pa AMD palinso china, dilayiva ikapanikizika imasamutsa zinthu kuchoka mu VRAM kupita mu RAM wamba mwakachetechete, ndiye RAM yomwe mumafuna kuipulumutsa ija ndi yomwe ikudyedwanso.

Tsopano yesani:

dd if=/dev/zero of=/tmp/vram/mayeso bs=128K count=8000
dd if=/tmp/vram/mayeso of=/dev/null bs=128K

Nambala yomwe dd ikupatseni kumapeto ikhoza kukukhumudwitsani ngati munawerenga pa bokosi la khadi, ndiye ndifotokoze bwino apa. RX 580 imayendetsa 256GB pa sekondi, GTX 1060 ya 6GB imayendetsa 192GB pa sekondi, koma liwiro limenelo ndi la mkati mwa khadi, pakati pa chip ya GPU ndi memory yake yomwe yaizungulira pafupi pomwepo. Purosesa yanu siili mmenemo, ili kutsidya, ndipo chilichonse chiyenera kuwoloka pa PCIe. Zili ngati nkhokwe yaikulu yodzadza chimanga koma khomo lake ndi loti mungotulutsa lichero limodzi nthawi imodzi. PCIe 3.0 ya x16 imathera pafupifupi 16GB pa sekondi, ya 4.0 kawiri kake. Ndiye pamwamba pa zimenezo fayilo iliyonse imachoka ku pulogalamu yanu kupita ku kernel, kernel ikuipereka ku FUSE, FUSE ku vramfs, vramfs ku OpenCL, kenako dilayiva ndi yomwe ikuitumiza ku khadi, paliponse pamenepo nthawi ikudyeka. Mwiniwake atayesa pa Radeon R9 290 anapeza pafupifupi 2.4GB pa sekondi powerenga ndi 2.0GB polemba, lomwe ndi gawo limodzi mwa atatu a liwiro la ramdisk wamba, disiki ya mu RAM, pa makina omwewo.

Kodi ndi zochepa? Zitengera muli ndi disiki yanji. SSD ya SATA imathera cha mma 550MB pa sekondi, hard disk yozungulira ija siifikako nkomwe, ndiye kwa amene muli pa zimenezi vramfs ndi kulumpha kwakukulu ndithu. Koma ngati muli ndi NVMe ya PCIe 3.0 yomwe imafika 3.5GB pa sekondi, kapena ya 4.0 yofika cha mma 7GB, ndikuuzeni zoona, pa liwiro simupindula kanthu. Chomwe mungapindule ndi kupumitsa SSD ku zolembalemba za mafayilo otaya, ndi kusiya RAM kuti igwire ntchito zina.

Ngati dd ikupereka nambala yotsika modabwitsa, onani momwe khadi lalumikizidwira: sudo lspci -vv | grep -E "VGA|LnkSta". Pa mzere wa khadi mukufuna kuona Width x16, kapena x8 pa makhadi ena omwe anapangidwa choncho. Mukaona x1 kapena x4 nthawi zambiri ndiye kuti khadi lili pa slot yolakwika kapena pa ka riser, kachingwe kolumikizira makhadi a mining kaja, ndipo x1 ya PCIe 3.0 siifika ndi 1GB pa sekondi yomwe. Speed yokha isakuopseni mukaiona yotsika khadi likupuma, makhadi amadzitsitsa okha kuti asunge magetsi, muiyang'ane dd ili mkati.

Ndiye muziikamo chani? Mafayilo akuluakulu osakhalitsa, pamenepo ndi pomwe imawala. Mukusintha video ndi ffmpeg, koperani yoyambayo mu /tmp/vram kapena tulutsirani yatsopanoyo mmenemo, mukaiona kuti ili bwino muisamutsire ku disiki nthawi yomweyo osati mawa. Mukumasula zip yaikulu kuti mutengemo fayilo imodzi, masulirani mmenemo. Mukusanja fayilo ya ma log yaikulu, sort -T /tmp/vram iika zinyalala zake zonse pa khadi. Mapulogalamu ambiri amamveranso TMPDIR, ndiye mukhoza kulemba TMPDIR=/tmp/vram kutsogolo kwa command ndipo mafayilo ake osakhalitsa apita kumeneko.

Chomwe sindikulangizani ndi timafayilo tating'onoting'ono tambirimbiri. Kumbukirani zidutswa za 128KB zija, fayilo ya 2KB imatengabe chidutswa chathunthu, ndiye timafayilo 1000 totere tomwe pa disiki ndi 2MB chabe mu vramfs tidya pafupifupi 125MB, kuonjezera apo kalikonse kayenera kuyenda ulendo wonse uja wa FUSE ndi OpenCL pakokha. Nchifukwa chake cache ya browser, node_modules kapena code yoti muchite compile sizikwanira bwino mmenemo ngakhale anthu amakonda kuyesa zimenezo poyamba. Pali kanjira kozembera: pangani fayilo imodzi yaikulu mu vramfs, muilumikize ngati loop device kuti izioneka ngati disiki, muiike ext4 ndi mkfs.ext4, ndiye timafayilo tija tizikhala mu ma block a 4KB a ext4. Zimafuna root komanso mwaonjezera chipinda china pa ulendo uja, koma malo saonongeka.

Mukamaliza, koperani ku disiki zomwe mukufuna kusunga kenako:

fusermount3 -u /tmp/vram

kapena Ctrl+C mu terminal yoyamba ija. Chitani zimenezi musanayatse gemu kapena Blender, apo ayi gemu ipeza theka la memory yake palibe ndipo iyamba kudumphadumpha inu nkumaganiza kuti khadi lafa.

Tsopano nkhani ya swap, malo omwe kernel imakankhirako zinthu RAM ikadzadza, poti ndikudziwa kuti ambiri a 4GB ndi 8GB ya RAM ndi chimene mwadzera. Zimatheka, koma apa ndi pofunika kusamala kuposa pena paliponse, ndipo musanafike kuno yesani kaye zram yomwe imapanikiza zinthu mu RAM momwemo. Fedora imabwera nayo yoyatsa kale kuyambira pa Fedora 33, pa Debian ndi Ubuntu pali zram-tools. Kwa anthu ambiri zram yokha imathetsa vuto. Ngati siikukwanirani ndiye tiyeni.

Vuto lalikulu la swap pa vramfs ndi ili: vramfs ndi pulogalamu wamba yomwe nayonso imakhala mu RAM. RAM ikadzadza kernel imayang'ana zoti ikankhire ku swap, ndipo ikhoza kukankha zidutswa za vramfs yomweyo. Kenako kuti izibweze ikufunika vramfs iyankhe, koma vramfs siingayankhe chifukwa mbali yake ili mu swap yomwe iyo yomwe ikuyendetsa. Kompyuta imauma gwa, mouse osayenda, chotsala ndi batani la power basi. Ndiye tiyenera kuuza systemd, yomwe imayendetsa ma service pa Linux, kuti pulogalamu imeneyi isapite ku swap zivute zitani, komanso OOM killer, yemwe amapha mapulogalamu RAM ikatheratu, asaiphe. Iyenera kuyenda ngati root, chifukwa foda ya FUSE yomwe yayatsidwa ndi user wamba ngakhale root saloledwa kulowamo.

sudo cp bin/vramfs /usr/local/bin/
sudo mkdir -p /mnt/vram
sudo systemd-run --unit=vramfs -p MemorySwapMax=0 -p OOMScoreAdjust=-1000 /usr/local/bin/vramfs /mnt/vram 3G

A AMD onjezerani --setenv=RUSTICL_ENABLE=radeonsi pa mzere womalizawo chifukwa export ya mu terminal yanu siifika kumeneko. MemorySwapMax imagwira pa cgroup v2, yomwe ili kale pa Debian 11, Ubuntu 21.10, Fedora 31 ndi zonse zobwera pambuyo pake. Dikirani masekondi angapo kuti imalize kutenga memory, muone ndi systemctl status vramfs, kenako:

sudo dd if=/dev/zero of=/mnt/vram/swapfile bs=1M count=2900
sudo losetup -f --show /mnt/vram/swapfile

Ndasiya kampata dala, 2900 pa 3G, kuti fayilo isagunde kumapeto. Loop device ikufunika chifukwa kernel siivomera swapon mwachindunji pa fayilo ya mu FUSE yamtunduwu. Command yachiwiriyo ikupatsani dzina ngati /dev/loop0, koma pa Ubuntu ma snap amakhala atatenga kale manambala oyambirira ndiye mukhoza kuona loop12 kapena kuposa. Gwiritsani dzina lomwe yakupatsanilo, musakopere langa mwachimbulimbuli chifukwa mkswap imafufuta chomwe mwailozera:

sudo mkswap /dev/loop12
sudo swapon -p 10 /dev/loop12
swapon --show

Ka -p 10 kakutanthauza kuti swap iyi iyambe kugwiritsidwa ntchito isanafike ya pa disiki. Ngati muli ndi zram ipatseni nambala yokwera kuposa iyi kuti iyo ikhale yoyamba. Ndipo swap ya pa disiki musaichotse, isiyeni ikhale yomaliza. Ngakhale mwachita zonsezi ngozi yachepa chabe siinatheretu, chifukwa vramfs ndi dilayiva zimafunabe RAM pang'ono kuti zigwire ntchito pa nthawi yomwe RAM yasowa. Komanso ganizirani izi, mu swap mumakhala zidutswa za mapulogalamu omwe akuyenda, dilayiva ya khadi ikangochita reset zidutswazo zasowa ndipo mapulogalamu agwa onse. Makhadi a magemu ambiri alibenso ECC yokonza zolakwika za mu memory, ndipo la mining lomwe linagwira usana ndi usiku mwina ndi memory yokwezedwa liwiro likhoza kumalakwitsa apo ndi apo. Mu gemu zimangooneka ngati kadontho kachilendo pa sikirini, mu swap ndi pulogalamu kugwa kapena data kuonongeka. Pa kompyuta yophunzirira kapena yoseweretsa yesani momasuka, pa seva ya anthu kapena kompyuta ya ku ofesi ine sindingaike.

Pozimitsa tsatirani ndondomeko iyi osaisintha: sudo swapoff /dev/loop12, kenako sudo losetup -d /dev/loop12, pomaliza sudo systemctl stop vramfs. Mukayamba ndi kuimitsa vramfs swap ikadali yoyatsa mwakoka mpando munthu atakhalapo, kernel ifuna zinthu zake osazipeza.

Mukamafufuza mupezanso njira yakale ya phram ndi mtdblock. Imeneyo imatenga adiresi ya memory ya khadi yomwe mumaiona mu lspci -vvv pa mzere wa Region wolembedwa prefetchable, nkuisandutsa /dev/mtdblock0 yoti muiike file system kapena swap, popanda FUSE kapena OpenCL. Ikumveka yaudongo koma ili ndi mavuto awiri aakulu. Loyamba, windo yomwe purosesa imaonera VRAM pa makhadi ambiri ndi 256MB yokha pokhapokha board ndi khadi zonse zili ndi Resizable BAR, yomwe AMD anaitcha Smart Access Memory mu 2020. Lachiwiri ndi loopsa kwambiri, dilayiva siidziwa kuti mwatenga malowo, ndiye inu mukulemba mafayilo pomwe iyo ikulemba zithunzi za pa sikirini, zonse ziwiri zimaonongana. Kale anthu ankachepetsa VideoRam mu xorg.conf kuti agawane malire, koma madilayiva a masiku ano amayendetsa memory mu kernel ndipo samvera zimenezo. Njirayi isiyireni amene ali ndi khadi lachiwiri lopanda dilayiva iliyonse ndipo akudziwa kuwerenga ma adiresi a hex, chifukwa kulakwitsa nambala imodzi mukhoza kulemba pa memory ya chipangizo china.

A Windows simunaiwalidwe, pali GpuRamDrive pa GitHub yomwe imadalira ImDisk ndipo imakupatsani drive yokhala ndi chilembo chake mu File Explorer. Malamulo ake ndi omwewa, theka la VRAM, mafayilo otaya okha.

Chomaliza chomwe chimagwira anthu ndi suspend. Kompyuta ikagona khadi limazimitsidwa, ndiye zomwe zili mu VRAM ziyenera kusamutsidwa kaye. Dilayiva ya amdgpu imazikopera mu RAM, kutanthauza kuti ngati mwadzadza 4GB pa khadi ndipo RAM ili kale pakhosi, suspend ikhoza kukanika kapena kuchedwa kwambiri, ndipo ngati swap yanu ili pa khadi lomwelo ndiye zavutiratu chifukwa kokankhira zinthu ndi komwe kukuzimitsidwako. Ya NVIDIA siisunga zonse pokhapokha NVreg_PreserveVideoMemoryAllocations=1 ili yoyatsa pamodzi ndi ma service a nvidia-suspend ndi nvidia-resume, apo ayi mudzadzutsa kompyuta nkupeza maina a mafayilo alipo poti amakhala mu RAM koma zamkati mwake sizikuwerengeka. Njira yosavuta ndi kuzimitsa swap ndi vramfs musanagoneke kompyuta, kapena kuletseratu suspend pa makina amenewo ndi sudo systemctl mask sleep.target suspend.target hibernate.target hybrid-sleep.target, mukadzafuna kuibweza mungosintha mask kukhala unmask.